Nkhunda Makumi Atatu ndi Imodzi za Atate

Lachinayi, 10 Julayi 1997

Ndagonekedwa kuno kuchipatala cha mishoni kuyambira Lachiwiri. Kope ili ndapempha kwa Sisitala, chifukwa anthu a m'wodi muno nkhani zawo ndi chimanga ndi maliro basi, ndipo ndikapanda kulemba ndiyamba kuwayankha.

Mutu wandipweteka masabata atatu. Si mutu wa malungo. Uwu uli ngati munthu akukhoma chikhomo kuchokera m'kati. Khosi lauma, kuwala kukundilasa m'maso. Dzulo Dokotala ananditunga madzi a pamsana. Anandipinda ngati mbuzi ya pa njinga, mng'ono wanga Edness atandigwira mawondo. Madzi anatuluka mothamanga, oyera mbee, mutu n'kupepukako maola awiri.

Masana ba Maybin a ku labu anabwera ndi pepala. Anayamba kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa Giredi 2, kuti apeza "tuzilombo twina twake".

"Munathira inki kuti tioneke?" ndinawafunsa.

Anandiyang'ana. "Mwaziba bwanji za inki, ba sisi?"

"Tozungulira, tovala mkanjo woyera, tina tili ndi kamwana pambali?"

"Ee, ni tweneto."

"Dzina lake ndi Cryptococcus. Ndi kabowa, m'bale wake wa isiti ya m'mabanzi."

Ndinakaweta zaka ziwiri ku yunivesite, m'timbale tagalasi. Lero kandiweta ine. Sikelo: makilo 49.

Lachisanu, 11 Julayi

Diripu yoyamba. Mankhwala achikasu, amfoterisini, 35 mg, maola asanu. Botolo alikulunga ndi nsalu chifukwa mankhwalawa amadana ndi kuwala. Alipo a masiku khumi ndi anayi. Asanayambe, panado ndi piritoni. Patatha ola limodzi ndinayamba kunjenjemera mpaka bedi kulira.

Atate anandipeza choncho. Anapalasa njinga maola awiri kuchokera kwathu kumsewu waukulu, atavala jekete la ku tchalitchi. Anaima kumapazi, chipewa m'manja.

"Harriet, mwana wanga, bwanji tiyeseko madzi otentha a ku Chinyunyu? Kapena alipo amene unayambana naye?"

"Ndayambana ndi anthu onse kuyambira ku Lusaka mpaka pa mlatho wa Luangwa," ndinatero mano akugundana. "Si ufiti, Atate. Kabowa aka kamakhala m'zitosi za nkhunda. Ngati mukufuna mfiti, kayang'aneni m'khola mwanu."

Anatembenukira kwa Dokotala, amene anali kuona bedi lina. "Mai Dokotala, n'zoona?"

"Kamapezekadi m'zitosi za mbalame, bambo, koma..."

Pomwepo ndinasanza, anthu n'kuthamangira beseni. Pamene ndinadzutsa mutu, Atate anali atapita.

Loweruka, 12 Julayi

Diripu yachiwiri. Ndasanza kanayi. Nthochi ziwiri, akuti mankhwalawa amachotsa mchere wina m'magazi. Ndikudziwa. Sindinawauze kuti ndikudziwa, mphamvu ndinalibe.

Lamlungu, 13 Julayi

Pabedi la kumanzere kuli amai Ketrina a ku Shikabeta, chilonda cha mwendo chaka chachitatu. Dzino ali nalo limodzi kutsogolo, ndipo amalisonyeza aliyense. Amva kwa Edness kuti ndinafika ku yunivesite, ndiye anditcha "ba Digiri". Ndawauza kuti digiriyo sindinatenge. Akuti, "Na ine mwendo nilibe bwino, koma bananiitana mai wa mwendo."

Mlamu wanga Benard wabwera pa njinga ndi nkhunda yophapha kuchokera kwa Atate. Edness waiphikira kuchisakasa cha odwazika. Akuti imawonjezera magazi. Msuzi wakhala m'mimba, chinthu choyamba kukhala kuyambira Lachitatu. Eni ake sanabwere. Akwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Ziwaphwera.

Lachiwiri, 15 Julayi

Diripu yachisanu. Anditunganso pamsana. Mtsempha wa dzanja lamanzere watupa, asamukira kumanja. Nkhunda tsiku lililonse; mwendo umodzi ndimapatsa amai Ketrina, amaumung'unya mpaka madzulo.

Lero andifunsa: "Iwe ba Digiri, utu tuli mu mutu mwako tuchulukana bwanji? Tuli na amuna?"

Palibe amene wandifunsa funso labwino chotero zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakhala tsonga.

Ndinawauza kuti m'thupi mwa munthu kabowa aka sikakwatira. Muli kutentha, chakudya chili mbwee, ndiye kamangophuka kamwana pambali, kamwanako n'kuthothoka, n'kuphukanso kake. Ukwati umachitika kunja. Kali ndi mitundu iwiri, wina timautcha "a", wina "alufa". Si mwamuna ndi mkazi. Ukaziyang'ana pa maikulosikopu sungasiyanitse. Zikakhuta, zimakhala moyandikana osapatsana ndi moni womwe. Koma chakudya chikatha, pamalo pakauma, pakazizira, pakachita mdima, aliyense amatulutsa kafungo kake. Mnzake akakamva amaleka kuphuka, n'kutambasula kaulusi kulondola kumene kukuchokera fungo. Akakumana amalumikizana, n'kumera ulusi wautali ngati ndevu, ndipo kunsonga kwake kumatuluka mikanda inayi ya timbewu. Timbewuto n'tating'ono kwambiri moti mphepo imatinyamula mpaka pansi pa mapapo a munthu.

Amai Ketrina anamvetsera pakamwa pali yasa.

"So tikakhuta sitifuna chikwati?"

"Ayi."

"Njala, mdima, na kununkhira?"

"Ee."

"Mwandi, ndiye mwamene ninakwatiliwa na ine. Chinali chaka cha njala, uja mudala anali na nkhokwe."

Wodi yonse inaseka, ngakhale mayi wa pakona amene salankhula. Kuseka kumandiwawitsa mutu, koma ndinaseka.

Lachinayi, 17 Julayi

Diripu yachisanu ndi chiwiri. Theka. Kunjenjemera kwachepa. Ba Maybin ananditengera ku labu pa njinga ya odwala kuti ndikaone madzi anga. Tizilombo tija tachepa, koma tilipo, kalikonse mu mkanjo wake ngati ana a ubatizo. Ndinawaonetsa ba Maybin potsekera kuwala pa maikulosikopu kuti tizioneka bwino. Sanakwiye. Anandifunsa chimene ndinasiyira sukulu, ndipo ndinawauza, ndiye ndilembenso muno.

Chaka chomaliza, 1991, ntchito yanga inali ya ukwati wa kabowa komweka. Zitosi ndinakatenga m'khola la Atate. Iwo anavala jekete pokandikokolera, n'kumauza mudzi wonse kuti nkhunda zawo zapita ku yunivesite. Nkhundazo ndi za Amai. Anabwera nazo ziwiri mu dengu pamwamba pa lole pamene tinasamuka ku Katete, ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amai atamwalira, Atate anayamba kulankhula ndi nkhunda kuposa ndi anthu.

Ndinalera timagulu makumi anayi pa chakudya chopanga ndekha, cha matimati ndi karoti. Mphunzitsi wanga anali ndi "a" ndi "alufa" zochokera kunja zoyesera. Zanga zonse zinakwatirana ndi "a". Ndiye kuti m'khola la Atate munali alufa okhaokha. Sizinadabwitse, alufa ndiwo ambiri kulikonse, "a" ngosowa ngati shuga wa nthawi imeneyo.

Titabwerako ku holide ndinapeza timbale titatu tomwe ndinaiwala m'kabati, titauma gwaa. Munali alufa yekha, wopanda mnzake. Koma m'mphepete anali atamera ndevu, ndipo kunsonga kunali mikanda. Ndinathamanga nato kwa mphunzitsi. Sanayang'ane n'komwe pa maikulosikopu. Pamaso pa kalasi yonse anati zimenezo sizichitika, ndadetsa mbale, ndipo mtsikana wa kumudzi ayenera kudziwa kutsuka mbale ngakhale zina zitamukanika. Ndinamuyankha. Zimene ndinanena zinali zoona, za ndevu zake ndi za mutu wake. Anati ndilembe kalata yopepesa. Inatsala miyezi inayi. Ndinalongedza.

Ba Maybin anangoti, "Miyezi folo chabe, ba sisi?" Anthu onse amatero.

Loweruka, 19 Julayi

Dokotala anatseka nsalu kuzungulira bedi, n'kukhala pampando. Anabweretsa zotsatira za magazi amene ndinavomera kuti ayeze. Ndinamuuza kuti asavutike kusankha mawu. Ndakhala ndikudziwa kuyambira pamene Dennis, mwamuna amene ndinkakhala naye ku Lusaka, anawonda n'kumwalira chaka chapitacho chija. Kunyumba ndinawauza kuti inali TB. Kabowa aka sikagwira munthu amene asilikali a m'thupi ali bwino. Zimenezo ndinazilemba pa mayeso, n'kukhoza.

Anafunsa ngati alipo wa kunyumba amene ndingamuuze. Ndinati ndiganiza.

Kuchisakasa Edness akuuza anthu kuti mkulu wake akudwala "matenda a nkhunda". Azimayi akumumvera chisoni, akumubwereka nkhuni. Akanamva dzina linalo akanasuntha mapoto awo. Sindinamukonze. Matenda a nkhunda ndi dzina labwino, munthu angathe kufa nalo mutu uli m'mwamba.

Lolemba, 21 Julayi

Tsiku loipa. Ndikuona zinthu ziwiriziwiri. Anditunga kachitatu. Mkodzo wachepa, andiwonjezera madzi a m'diripu. Amai Ketrina awiri ndi ambiri.

Lachiwiri, 22 Julayi

Diripu ya khumi ndi chiwiri. Maso abwerera.

Nyama ya lero inali yolimba ngati lamba. Ndinaitembenuza ndi supuni, ndipo pamwendo panali kamzere pamene pankakhala waya. Atate amamanga waya wa kopa pa nkhunda zoikira zokha. Chibadwire changa sanaphepo yaikulu. Timadya maunda, tiana tosauluka. Makolo ake sakhudzidwa.

"Edness, iyi ndi iti?"

"Idyani, asisi, izizira."

"Ndakufunsa."

Anayang'ana pansi. Edness sadziwa kunama, n'chifukwa chake sanalemere. Anati chichokere kuno tsiku lija, Atate sanalowe m'nyumba. Anakokolola zitosi zonse, ndi zomwe anasungira dimba la repu, n'kuzitentha. Kuyambira Lamlungu lija akupha ziwiri tsiku lililonse, imodzi ya ine, ina akupatsa aliyense wodutsa. Maunda anatha kale. Akuti sangaphe zonse tsiku limodzi, dzanja limakana, koma zitha. Zikatha agwetsa khola. Iwo eni sadya. Benard anawamva akuuza nkhundazo kuti, "Ndinakusungani, inu mwandidyera mwana."

Zinali makumi atatu ndi imodzi. Zatsala khumi ndi imodzi.

Ndakhala ndikunyambita zala masiku khumi, n'kumati nkhalamba yakwiya koma ikundikonda.

Amai Ketrina anabweza mwendo umene ndinawapatsa. "Ba Digiri, pakamwa pako pali na mpeni kupambana wa atate ako."

Sindinawayankhe. Lembani tsikuli.

Lachitatu, 23 Julayi

Ndatuma Benard kuti akawauze Atate aleke, abwere. Mawu abwera madzulo ndi munthu wa minibasi: akuti sangaonetse nkhope kwa mwana amene amupha okha. Zatsala zisanu ndi zinayi.

Ndapeza chowauza. Ndiwakumbutsa za zitosi zimene anandikokolera. Ndinena kuti ndinaziyeza ndi manja anga, ndinapeza alufa okhaokha, mbeta zopanda wozikwatira. Popanda ukwati palibe timbewu, popanda timbewu palibe cholowa m'mapapo. Khola lawo n'losalakwa. Matendawa ndinawatenga ku Lusaka. Atate amakhulupirira sukulu yanga kuposa mmene ndimaikhulupirira ine.

Ndi bodza la theka, chifukwa kabowa kouma kokha kangathenso kuuluka ndi fumbi. Ndipo kuti liime, ndiyenera kuvomera kuti ndevu zija ndinaziona m'timbale titatu zinali litsiro chabe. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakana. Chifukwa cha nkhalamba ija, ndivomera. Nkhunda zipulumuka, dzina la matenda anga likhala lomwe lija.

Lachinayi, 24 Julayi

Diripu yomaliza. Mawa ndiyamba mapiritsi, fulukonazo, 400 mg tsiku lililonse.

Dokotala anali ku Lusaka dzulo. Wabwera ndi mapepala asanu ojambula pa makina, akumwetulira ngati wabisa switi. Ba Maybin anamuuza nkhani yanga, ndiye anakafufuza ku laibulale ya madokotala. Ndi lipoti la akatswiri a ku America, la chaka chatha. Ndinawerenga diso limodzi nditatseka.

Alufa yekha, akasowa chakudya pamalo pouma, amamera ulusi n'kubereka timbewu popanda mnzake. Ajambula ndi zithunzi. Ndi ndevu zanga zomwe zija. Akuganiza kuti mwina n'chifukwa chake alufa ndiwo adzaza dziko.

Ndinakuwa mpaka Sisitala anathamanga. Ndinawerengera amai Ketrina m'Chingelezi, iwo n'kumavomera "ameni" pa mzere uliwonse. Kenako anafunsa kuti zikutanthauza chiyani.

"Kuti mbeta ikamva njala imabereka yokha."

"Izo taziziba kale ku Shikabeta," anatero. "Manje bazakupasa digiri?"

"Ayi."

"Nanga atate ako uzabauza chani?"

Chimwemwe chinathera pomwepo. Ndinali wolondola mu 1991, ndipo khola la Atate lingathe kubereka timbewu monga khola lina lililonse. Ndikhoza kubisa mapepala pansi pa pilo n'kunena bodza langa. Koma ndinataya sukulu, ntchito ndi zaka zisanu ndi chimodzi pokana kunena kuti sindinaone chimene ndinaona. Pakamwa pangakane. Ndikudzidziwa, pakati pa bodzalo ndingayambe kudzitsutsa ndekha.

Chatsala n'chimodzi chokha chimene chingachotse mlandu pa nkhunda. Zatsala zisanu ndi ziwiri.

Lachisanu, 25 Julayi

Mapiritsi awiri m'mawa. Makilo 46.

Ndauza Edness zoona za magazi aja. Analira, kenako anakwiya kuti ndinamusiya akunamiza anthu, kenako anandipesa tsitsi mondikoka dala. Ndinamulola.

Nkhunda ya lero sindinaikhudze. Ndauza Edness aibwezere mu poto, amange pa njinga ya Benard, ibwerere kwa mwini wake. Anati, "Asisi, kubweza chakudya cha kholo? Mufuna atitemberere?" Ndinati ndikufuna abwere adzanditukwane. Chisoni chawatsekera kunyumba. Mwina mwano uwatulutsa.

Loweruka, 26 Julayi

Ndabwezanso. Ndadya phala la chipatala, lopanda mchere, lopanda chifundo.

Lamlungu, 27 Julayi

Atate abwera nthawi ya Misa, wodi ili zii, Benard ali pambuyo. Jekete likulendewera. Anaika poto pa kabati mwamphamvu.

"Ndani anakuphunzitsa kubweza mbale ya atate ako? Ku yunivesite?"

"Khalani pansi, Atate."

"Sindikhala. Ndabwera kudzamva ngati chakudya changa chasanduka poizoni nachonso."

Amai Ketrina anatembenukira kukhoma n'kuyamba kuliza mkonono wabodza. Edness anatulutsa Benard.

Ndinawauza kuti kabowa aka kali paliponse: m'makola, m'mitengo, m'fumbi la pamsewu. Iwo akapuma zaka makumi awiri ndi zitatu akusesa khola lija. Edness wakapuma, mudzi wonse wakapuma, ndipo palibe amene wadwala. Mwina ine ndinakapuma ndili mwana, mwina ku Lusaka, mwina m'labu. Palibe angadziwe. Kamagona m'thupi osachita kanthu mpaka asilikali a m'magazi atatha.

"Nanga ako anapita kuti?"

Ndinali nditakonza mawu ambiri aatali. Onse anathawa.

"Dennis sanafe ndi TB yokha, Atate. Ndili ndi kaliwondewonde. Ndakhala ndikudziwa. Ndinanamizira nkhunda zanu chifukwa ndinachita manyazi, ndiponso chifukwa pakamwa panga mumapadziwa."

Anayang'ana dzanja langa lotupa nthawi yaitali. Kenako anavala chipewa n'kutuluka.

Ndinaganiza kuti basi. Mkonono wa amai Ketrina unaleka. Anatambasula mkono kudutsa mpata wa pakati pa mabedi athu n'kundigwira chala.

Pawindo ndinawaona pansi pa mtengo wa mango akulankhula ndi Benard, akuloza ndi dzanja, kubwereza, kulozanso. Anamasula bulangeti pa njinga yawo. Benard anakwera yake, n'kugwira ya Atate ndi dzanja limodzi, n'kumapita nazo zonse ziwiri.

Analowanso, bulangeti m'khwapa.

"Ndamuuza aziikire madzi m'mawa, mphale madzulo. Zatsala zitatu. Mnyamata uja sadziwa kanthu, azinenepetsa makoswe."

"Pepani, Atate."

"Makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, Harriet. Amai ako akanakumenya ndi mthiko, ndi diripu yako yomweyo."

"Theka munagawira anthu odutsa. Musandiwerengere zonse."

Pakamwa pawo panagwedera ngati afuna kuseka, koma sizinatheke. Anaima pomwe anaima tsiku loyamba lija, kumapazi, akupinda ndi kupindanso bulangeti.

"Zija zinali bwino," anatero motsitsa mawu. "Nkhunda ndinali nazo, mpeni ndinali nawo. M'mawa ndimadzuka ndikudziwa chochita. Nanga ichi ndichite nacho chiyani, mwana wanga?"

Ine amene ndili ndi yankho pa chilichonse ndinafufuza m'mutu monse.

"Sindidziwa, Atate. Khalani apo."

Anakoka mpando, n'kukhala.